Tisamathamangire kugula batire lole ikasiya kutchaja

Akonzi,

Ndiloleni ndigwiritse ntchito tsamba lanu la makalata polankhula ndi anzanga amene timadyera malole akale a dizilo, makamaka panopa pamene nyengo yotuta zokolola yafika ndipo galimoto zimene zinagona dzinja lonse zabwerera pamsewu. Aliyense amene wayendapo usiku pa M1 pakati pa Ntcheu ndi Zalewa anaonapo nthambi za mitengo zitayalidwa m'mphepete mwa phula, kutsogolo kwake kutaima lole yodzaza matumba yopanda getsi ngakhale limodzi, dalaivala ndi mnyamata wake atadzipinda m'kati kudikira kuti kuche. Mukawafunsa kuti chavuta n'chiyani, yankho limakhala lakuti batire latha. Inenso ndinayankha choncho kwa chaka chathunthu, ndipo yankho limenelo linandidyera ndalama za mabatire anayi ndi alternator imodzi (makina amene amatchaja mabatire injini ikamalira), chikhalirecho chimene chinkadwala anali mawaya awiri amene mtengo wake sufika ngakhale pa thumba limodzi la mbatata.

Lole yanga ndi Mitsubishi Canter ya matani atatu ya mu 1996, ya injini ya 4D33, imene inachokera ku Japan itagwirako kale ntchito, n'kulowa m'dziko muno kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe monga zimachitira zinzake zambiri. Magetsi ake ndi a ma volt 24, kutanthauza kuti ili ndi mabatire awiri a ma volt 12 olumikizidwa motsatizana, mphamvu ya lina n'kuwonjezera pa ya linzake. Ntchito yanga ndi yonyamula kachewere ndi kabichi kuchokera ku Tsangano ndi ku Lizulu kupita m'misika ya ku Limbe ndi ku Blantyre, ndipo maulendo ambiri amakhala ausiku kuti katundu afike m'bandakucha asanafote.

Tsiku limene vuto linaonekera poyera, tinali titangodutsa pa Manjawira cha m'ma 11 koloko usiku pamene ndinaona kuti magetsi akutsogolo asintha mtundu, ayamba kufiirira ngati nyali ya parafini, ndipo kagetsi ka chithunzi cha batire pa dashibodi kankayaka mozilala kwambiri moti ukanakhala usana sindikanakaona n'komwe. Injini yokha inkalira bwinobwino, ndipo apa m'pamene dizilo wakale amapusitsira mwini wake. Injini ya petulo imadalira moto wa m'mapulagi, motero magetsi akachepa imayamba kudukiza n'kuzima, dalaivala n'kudziwiratu kuti zinthu sizili bwino. Dizilo amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa m'kati mwa injini, ndipo pampu yakale imapopa mafuta mozunguliridwa ndi injini yomweyo, choncho lole ikhoza kuyenda makilomita ambiri mabatire akungotha osalandira kanthu. Ndinaima pa Phalula kuti ndikungenso zingwe za katundu, ndipo mwa chizolowezi ndinazimitsa injini. Pobwerera kuti ndilize, sitata inangoti thi, thi, osazungulira. Lole yonyamula matani atatu a mbatata siikankhika ndi anthu awiri, motero tinagona pomwepo.

Kutacha tinapeza makaniko amene anatilizira injini pogwiritsa ntchito mabatire a lole ina, kenako anachita chimene ambiri a ife tinakula tikuona: anamasula teminolo ya batire injini ikulira, injiniyo sinazime, ndipo anagamula kuti alternator ili bwino, olakwa ndi mabatire. Ndikufuna ndiime pang'ono pa muyeso umenewu chifukwa ndi wofala, koma ndi wabodza ndiponso woononga. Ndi wabodza chifukwa, monga ndanenera, dizilo wa pampu yakale safuna magetsi ambiri kuti apitirize kulira, ndipo ena safuna n'komwe, kotero kusazima kwake sikusonyeza chilichonse chokhudza alternator. Ndi woononga chifukwa batire ndi limene limameza mphamvu yochuluka imene alternator ikutulutsa, ndipo mukalichotsa mwadzidzidzi, mphamvuyo imakwera kwa kanthawi kochepa kufika poti ikhoza kuwotcha ma diode (tizipangizo ta m'kati mwa alternator tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) ndi regulator (kachipangizo koletsa magetsi kupitirira muyeso), pamodzi ndi mababu ndi wailesi. Anthu ambiri apha alternator yamoyo poiyesa ngati ili moyo. Yanga inapulumuka mwamwayi chabe.

Ndinagula mabatire awiri atsopano, ndipo kwa miyezi itatu ndinkaona ngati matenda atha. Kenako sitata inayambanso kulemera m'mawa. Makaniko wachiwiri sanayese kanthu koma anangomva nkhani yanga n'kunena kuti ngati mabatire ndi atsopano, ndiye kuti yatsala ndi alternator. Ndinagula ina yogwirako kale ntchito, ndipo popeza mabatire aja anali atafooka chifukwa chokhala nthawi yaitali osadzaza, ndinagulanso ena awiri. Patapita miyezi ina itatu ndinali pomwe paja.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wokonza zamagetsi a galimoto, amene malo ake ndi kachisakasa ka malata kuseri kwa msika, ndipo chida chake chachikulu ndi kamita ka m'manja kotchedwa multimeter, kokulungidwa ndi tepi chifukwa cha kukalamba. Sanagwire sipanala kwa theka la ola. Anandiuza kuti ndisalize injini, n'kuyesa batire lililonse palokha. Batire la asidi la ma volt 12 lili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse cha ma volt pafupifupi 2.1, motero likadzaza ndipo lapuma maola angapo limasonyeza 12.6 kapena kupitirirako pang'ono. Likasonyeza 12.2 ndiye kuti lili pa theka, ndipo likafika pa 12.0 kapena kutsikirapo ndiye kuti latsala pang'ono kutheratu, ngakhale kuti kwa munthu wosadziwa nambala 12 imaoneka ngati yabwino. Langa loyamba linasonyeza 12.7, lachiwiri 11.9. Bamboyo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, awa ndi mapasa obadwa tsiku limodzi, nanga bwanji mmodzi wanenepa mnzake ali mafupa okhaokha? Alipo amene akumudyera nsima."

Wodya nsimayo anapezeka msanga. Pa teminolo ya pakati, pamene mabatire awiriwa amalumikizirana, panali kawaya kofiira kopyapyala kolowera m'kabini. Ndinakaika ndine ndemwe, kapena kunena zoona ndinalipira mnyamata wina kuti akaike, pofuna ma volt 12 a wailesi, sipika ya kumbuyo kwa mpando ndi potchajira mafoni. Pafupifupi lole iliyonse ya ma volt 24 imene ndaisuzumira kuyambira tsikulo ili ndi kawaya kotereka. Vuto lake n'lakuti zinthu zonsezo zimamwa batire limodzi lokha, lija lolumikizidwa ku chasisi, pamene alternator imatumiza mphamvu yofanana kudutsa m'mabatire onse awiri chifukwa ali pa mzere umodzi, ndipo regulator imangoona chiwerengero cha onse pamodzi osadziwa kuti lina lili ndi njala. Zotsatira zake n'zakuti lomwedwalo silidzaza konse ndipo mapuleti ake amayamba kuuma ndi zoyera zimene sizisungunukanso, pamene linzake limalandira mopitirira muyeso n'kumawira ndi kutha madzi. Onse awiri amafa msanga, wina ndi njala, wina ndi kukhuta. Njira yoyenera ndi kugula kabokosi kotsitsa magetsi kuchoka pa 24 kufika pa 12, kamene amakatchula kuti converter, n'kukalumikiza ku mabatire onse awiri kudzera pa fyuzi. Ndiyeneranso kunena pano kuti mabatire a lole yotere ayenera kugulidwa ndi kusinthidwa onse pamodzi, a kukula kofanana ndi msinkhu wofanana, chifukwa kuphatikiza latsopano ndi lakale kumabweretsa tsankho lomwelija.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, koma bamboyo anati kawayako kakufotokoza kusiyana kwa mabatire, osati chifukwa chimene magetsi anafiirira injini ikulira. Anandiuza kuti ndilize, ndiponde mafuta pang'ono, ndiyatse magetsi onse ndi fani ya m'kabini. Galimoto ya ma volt 12 ikamatchaja bwino, pa batire pamaoneka pakati pa 13.8 ndi 14.4, ndipo ya ma volt 24 imasonyeza kawiri kake, pakati pa 27.6 ndi 28.8. Pa mabatire anga panaoneka 26.4. Makaniko wopupuluma akanaweruza alternator pomwepo, ndipo ndikanagula yachitatu. Iye anagwada, n'kulowetsa dzanja kumbuyo kwa alternator, n'kuyesa pa bawuti yeniyeni pamene waya wonenepa amatulukira. Pamenepo panali 28.2. Alternator inkagwira ntchito yake mokwanira, koma ma volt 1.8 ankasowera panjira, pakati pa iyo ndi mabatire.

Mmene anawapezera ndi chinthu chimene ndikulakalaka dalaivala aliyense ataphunzira, chifukwa n'chosavuta. Injini ikulira ndipo magetsi ali chiyakire, anaika nsonga imodzi ya mita pa bawuti ya alternator ija, inayo pa teminolo ya pulasi ya batire. Malo awiriwa ndi mathero a waya mmodzi, motero ngati njira ili yoyera mita imayenera kusonyeza chinthu chochepa kwambiri, chosapitirira theka la volt. Inasonyeza 1.3. Anachitanso chimodzimodzi mbali ya earth, njira imene magetsi amabwererera ku batire, nsonga ina pa thupi la alternator, ina pa teminolo ya mainasi, pamene pamayenera kuoneka 0.2 kapena kucheperapo, ndipo panaoneka 0.5. Kenako anayenda ndi mitayo m'mbali mwa waya, polumikizira ndi polumikizira, mpaka anafika pa kabokosi ka fyuzi yaikulu pafupi ndi mabatire. Atakatsegula, pulasitiki yake inali itasungunuka mbali imodzi, nati ya m'kati italema, ndipo waya wa kopa anali atasanduka ufa wobiriwira m'kati mwa chikopa chake ngakhale kuti kunja ankaoneka wabwinobwino. Anandigwiritsa chala pamenepo, ndipo panali potentha ngati chivundikiro cha poto. Polumikizira pakakhala dzimbiri pamatentha, pakatentha pamalema, ndipo pakalema pamatenthanso kwambiri, n'chifukwa chake masana lole inkalimba koma usiku, magetsi onse akayaka kwa maola awiri, njira inkatsala pang'ono kutsekeka.

Waya wachiwiri anali lamba woluka wa earth wochoka pa injini kupita ku chasisi, amene anali atatsala ndi tiulusi tochepa, bawuti yake itadzaza matope ndi dzimbiri. Injini imakhala pa mphira, choncho magetsi onse a sitata ndi alternator amabwerera ku batire kudzera pa lamba ameneyu, koma chifukwa ali pansi pobisika palibe amene amamukumbukira. Theka la volt limaoneka ngati laling'ono, koma limenelo linkatayika pamene pankadutsa mphamvu ya alternator yokha, imene pa lole yanga yalembedwa ma amp 35. Sitata ya dizilo imakoka ma amp mazanamazana, ndipo mphamvu yodutsa ikachuluka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, yotayika panjira imachulukanso chimodzimodzi. Ichi n'chifukwa chake sitata inkalemera ngakhale mabatire ali atsopano. Lamba wa earth akaduka, magetsi amafuna njira ina yobwererera, ndipo amadutsa m'mawaya ang'onoang'ono kapena m'nthambo ya giya ndi ya mafuta, mpaka kuziwotcha. Njira yachangu yomuyesera muli patchire ndi kutenga nthambo yojampira, mbali ina n'kuikanikiza pa chitsulo choyera cha injini, inayo pa mainasi ya batire limene lalumikizidwa ku chasisi. Ngati sitata yapepuka, wolakwa wapezeka.

Ntchito yokonza inatenga maola awiri. Anadula waya wovundayo mpaka pamene kopa anayamba kuoneka wowala, anaika zomangira zatsopano, anapala chasisi ndi sandipepa mpaka chitsulo chinayera, n'kuika lamba wina. Mateminolo anawatsuka ndi madzi otentha osungunuliramo soda yemwe uja amayi amathira mu therere, amene amapha asidi wouma pa mitu ya batire, ndipo anandichenjeza kuti madzi amenewo asalowe m'zipinda chifukwa akhoza kuphanso asidi wa m'kati. Atamanga anapakapo girizi pang'ono pamwamba. Batire lofookalo analitchaja palokha usiku wonse ndi moto wochepa kufikira linafanana ndi linzake. Ndinaonanso kuti pomasula ankayamba ndi teminolo ya mainasi yopita ku chasisi, ndipo pomanga ankamaliza nayo, kuti sipanala ikagunda chitsulo pasathetheke moto. Batire limene likutchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ndi kamoto kochepa, choncho chizolowezi chathu choyesa mphamvu ya batire pogunditsa waya pa mitu yake iwiri kuti tione kuthetheka chikhoza kumuthira munthu asidi m'maso.

Kuchokera nthawi imeneyo ndakhala ndikufunsa ndi kuonerera, ndipo pali zina zimene ndikuona kuti anzanga ayenera kuzidziwa asanatulutse ndalama. Kagetsi ka batire pa dashibodi si kokongoletsa. Mukatembenuza kiyi injini isanalire kayenera kuyaka, ndipo injini ikalira kayenera kuzimiratu. Pa ma alternator ambiri akale, kamphamvu koyamba kamene kamadzutsa maginito a m'kati kamadutsa m'kababu kameneka, motero babu likapsa kapena waya wake akaduka, alternator siyamba kutchaja, kapena imayamba pokhapokha mutaponda mafuta kwambiri. Mnzanga wina wa Isuzu anachotsa yekha kababuko chifukwa kankamusowetsa mtendere usiku, ndipo patatha masiku awiri anali kupempha anthu kuti amukankhe. Kakapanda kuyaka mutatembenuza kiyi, yambani mwaona babu, fyuzi ndi kapulagi ka kumbuyo kwa alternator. Ngati zimenezo zili bwino, kawirikawiri amakhala makaboni a m'kati amene atha, ndipo amenewo amasinthidwa pa mtengo wochepa popanda kutaya alternator yonse.

Lamba wozunguza alternator naye ndi wofunika kumuyang'ana kusiyana ndi mmene timachitira. Mukamukanikiza ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri ayenera kulowa pafupifupi sentimita imodzi, ndipo m'mbali mwake musakhale mosalala monyezimira. Lamba wolema amaterera pa nthawi imene alternator yalemedwa, ndiye kuti usiku, ndipo saliranso nthawi zonse kuti akuchenjezeni. Koma womangitsitsanso amadya mabering'i. Pa malole ambiri a ku Japan a mtundu wa Canter, Dyna ndi Elf pali chinthu china chimene madalaivala ena sachidziwa: kumbuyo kwa alternator kuli kapampu kokoka mpweya kamene kamathandiza kuti buleki ikhale yofewa, popeza injini ya dizilo payokha siikoka mpweya wotero monga imachitira ya petulo. Tanthauzo lake n'lakuti lamba akaduka, sikuti mwangotaya kutchaja kokha ayi, koma pampu ya madzi imaimanso, ndipo mukaponda buleki kangapo imauma gwa ngati mwala. Munthu amene akutsika ndi katundu pa Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, kagetsi ka batire kakayaka mwadzidzidzi, asanene kuti ndikaonera kutsogolo, koma aime pomwepo mpweya wa buleki usanathe. Kapampu komweko kamayendera oyilo wa injini, ndipo kamphira kotchinga oyiloyo kakatha, amalowa m'kati mwa alternator n'kunyowetsa makaboni mpaka kusiya kugwira.

Pali matenda ena osiyana ndi anga, amene lole imatchaja bwino masana koma ikagona masiku awiri mabatire amapezeka atatha. Pamenepo ndiye kuti pali chimene chikumwa magetsi kiyi atachotsedwa. Mumamasula teminolo ya mainasi, n'kuika mita yoyesa ma amp kapena kababu kakang'ono pakati pa teminoloyo ndi mutu wa batire. Lole yakale yopanda zamakono iyenera kusonyeza pafupifupi ziro, ndipo chilichonse chopitirira 0.05 amp n'chokayikitsa. Mukatero mumazula mafyuzi imodziimodzi kufikira kumwako kutasiya. Mafyuzi onse akatha koma kumwako kukupitirira, masulani waya wonenepa wa pa alternator, chifukwa diode yopsa imalola magetsi kubwerera m'mbuyo usiku wonse. Ma diode amapsa ndi zinthu zimene timachita tokha: kuzula teminolo kuja, kusemphanitsa nthambo pojampa ngakhale kwa sekondi imodzi, ndiponso kuwotcherera bodi kapena chasisi mabatire ndi alternator zili zolumikiza. Malole athu amapita kwa owotcherera pafupipafupi chifukwa cha misewu ya kumidzi, koma si owotcherera onse amene amakumbutsa mwini galimoto kuti amasule mabatire, ndipo moto wa makina awo ukabwerera kudzera njira yolakwika, vuto limadzaoneka patapita sabata, aliyense ataiwala. Onyamula chimanga akumbukirenso makoswe, amene amatsatira njere n'kukamanga chisa kuseri kwa dashibodi, n'kumatafuna zikopa za mawaya. Waya wosendeka akagunda chitsulo fyuzi imapsa, ndipo imeneyo ndiyo ntchito yake. Amene amabwezera fyuzi yopsa ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya amangosamutsa motowo kuchoka pa fyuzi kupita m'mtolo wonse wa mawaya.

Kutchaja mopitirira muyeso nako kulipo, ndipo kumadziwika ndi fungo la mazira ovunda pa mabatire, madzi kutha msanga, ndi mababu kupsa pafupipafupi. Mita ikasonyeza ma volt 30 pa lole ya 24, regulator yafa kapena waya wouza regulator mphamvu ya batire walema. Pa nkhani ya madzi, chimene chimachoka m'batire ndi madzi, asidi amatsala, choncho chowonjezera ndi madzi a batire opanda mchere (distilled water) ogulitsidwa m'mabotolo, okwanira kumiza mapuleti ndi sentimita imodzi, osati asidi wina ndiponso osati a pamjigo, amene mchere wake umaononga mapuleti. Oyenda ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ayenera kusuzumira m'zipinda za mabatire kawirikawiri kusiyana ndi anzawo a kumtunda. Kutentha ndi kumene kumakalambitsa batire, koma kufooka kwake kumadzaonekera m'nyengo yozizira. M'mawa wa mu Juni ku Dedza kapena ku Tsangano, oyilo amakhala atalimba, batire limapereka mphamvu yochepa, ndipo ngati mahita otenthetsa injini isanalire afa, dalaivala amazunguza sitata kambirimbiri mpaka mabatire abwinobwino kutha. Pamenepo wolakwa ndi mahita, ndipo nawonso amayesedwa ndi mita yomweyo. Pofuna kudziwa ngati batire lenilenilo latha, liyeseni pamene sitata ikuzungulira: lililonse la ma volt 12 lisatsike kupitirira 9.6.

Akonzi, chiyambire pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa batire ndi zipangizo zonse zochokera kunja unakwera kufika poti mwini lole imodzi akagula mabatire awiri mosafunikira, ndiye kuti phindu la maulendo angapo lapita. Multimeter yotsika mtengo imagulidwa ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa batire limodzi, ndipo imakwana m'kabokosi ka pa dashibodi. Sindikunyoza amakaniko athu a ku Ndirande, ku Biwi ndi m'matauni ang'onoang'ono, chifukwa ndi iwo amene amayendetsa galimoto za zaka 30 zimene kwawo zinatayidwa kalekale, ndipo ambiri anaphunzira poonerera, popanda wowaonetsa mita. Ifenso eni malole tili ndi mbali yathu, popeza timakana kulipira munthu amene wangoyesa kwa ola lathunthu n'kumanga nati imodzi, koma timalipira mokondwa amene watigulitsa chitsulo cholemera chimene tingachinyamule m'manja. Bambo anandithandiza aja ndinawapatsa ndalama zoposa zimene anatchula, ndipo anadabwa. Pempho langa kwa a TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa ndi Lilongwe n'lakuti aganizire maphunziro a masiku ochepa a zamagetsi a galimoto, ochitikira kumagalaja komweko ndiponso m'Chichewa, kuti amisiri amene ali kale pa ntchito ndi madalaivala aphunzire kuyesa mphamvu yotayika m'mawaya.

Mabatire aja adutsa madzinja awiri tsopano, ndipo sabata yatha nditawayesa m'mawa lina linasonyeza 12.6, linzake 12.5. Alternator yanga yoyamba, imene inaweruzidwa osayesedwa, ndinaipititsa kwa bambo aja ndipo ataizunguza pa benchi inatulutsa 28.3 popanda vuto lililonse, motero yakhala ili m'katoni pansi pa bedi. Ija ndinagula m'malo mwake yayamba kudontha oyilo pa kapampu ka kumbuyo, ndipo Loweruka likubwerali ndikubwezeretsapo yakale.

Ine wanu,
Mwini lole,
Ntcheu